Mafunso ndi mayankho: kutsimikizira mapulogalamu opangira ma FPGA oteteza riyakita ya nyukiliya

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira uinjiniya wa zamagetsi komanso amene angoyamba kumene ntchito ya makina oteteza riyakita. Pamene nkhani yafotokozedwa kale pa funso lina, tangokulozerani komweko.

Kodi zida zopangira hardware zimene zikunenedwa pano ndi ziti?

Si zida zogwira m'manja ayi, ndi mapulogalamu a pakompyuta. FPGA ndi chip chimene chimachoka kufakitale chisanapatsidwe ntchito. Mkati mwake muli timagawo masauzande ambiri timene tingalumikizidwe mmene injiniya akufunira. Injiniya amalemba zimene chip chizichita m'chinenero cha VHDL kapena Verilog, ndipo zolembazo zimadutsa m'zida zitatu motsatizana.

Choyamba ndi chida cha synthesis, monga Synplify Pro ya Synopsys kapena Precision ya Siemens. Chimasandutsa zolemba zija kukhala netlist, womwe ndi mndandanda wa ma gate (timagawo tophatikiza masiginolo a 0 ndi 1), ma flip-flop (timagawo tosunga 0 kapena 1) ndi mawaya owalumikiza. Chachiwiri ndi place and route, chimene chimasankha malo enieni pa chip pomwe kagawo kalikonse kakhale ndi njira imene waya aliyense adutse. Chachitatu chimatulutsa bitstream, fayilo imene imalowetsedwa m'chip. Ziwiri zomalizazi zimachokera kwa wopanga chip yemweyo: Vivado ya AMD, Quartus ya Altera, Libero ya Microchip.

Palinso gulu lina la zida zimene sizipanga kanthu koma zimayesa: simulator (yoyeserera pa kompyuta mmene chip chidzagwirire ntchito) monga ModelSim kapena Questa, chida choyeza nthawi imene siginolo imatenga poyenda pa chip, ndi chida chofananitsira.

N'chifukwa chiyani malo opangira magetsi a nyukiliya akugwiritsa ntchito FPGA?

Mariyakita ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo makadi a zamagetsi ndi ma relay a nthawi imeneyo akusowa pamsika. Powasintha, kompyuta wamba imabwera ndi katundu wake: operating system, ma interrupt, ndi ntchito zodikirana pamzere, zonse zofunika kuzifotokoza kwa oyang'anira. FPGA ikalandira bitstream imagwira ntchito ngati mawaya olumikizidwa kale, ntchito iliyonse ikuyenda m'njira yakeyake nthawi imodzi.

Mu 2009 bungwe la NRC, loyang'anira za nyukiliya ku United States, linavomereza kuti malo a Wolf Creek ku Kansas aike makina a FPGA otchedwa ALS pa ntchito yotseka mapaipi akuluakulu a nthunzi ndi a madzi opita ku majenereta a nthunzi. Kampani ya Radiy ya ku Ukraine yaika makina a FPGA m'mariyakita a dziko lawo komanso ku Kozloduy ku Bulgaria.

Ngati mkati mwa FPGA mulibe pulogalamu yoyenda, vuto la zida likubwera pati?

Likubwera pa mpata umene uli pakati pa zimene anthu anawerenga ndi zimene zili m'chip. Akatswiri amaunika VHDL mzere ndi mzere, n'kusainira. Koma chimene chidzatseke riyakita si VHDL, ndi bitstream, imene palibe munthu angaiwerenge ndi maso. Chida chikasintha tanthauzo panjira, masiginecha onse aja ndi a chinthu china chosiyana ndi chimene chili m'kabati.

Chimakulitsa nkhaniyi ndi kamangidwe ka makina otetezera. Nthawi zambiri pamakhala matchanelo anayi oyeza chinthu chimodzi, ndipo awiri akagwirizana kuti zinthu zafika poipa, riyakita imazimitsidwa. Njirayi imateteza bwino khadi limodzi likapsa kapena waya akaduka. Koma ngati matchanelo onse anayi ali ndi bitstream yofanana, cholakwika cha chida chili mwa onse, ndipo onse adzalephera pa mphindi imodzi. Ichi ndi chimene amachitcha common cause failure. N'chifukwa chake oyang'anira, kuphatikizapo NRC, amaunika kapangidwe ka FPGA mwa njira yofanana ndi ya software.

Kodi zida zodula chonchi zimalakwitsadi?

Inde. Mu 2020 Yann Herklotz ndi John Wickerson a ku Imperial College London anafalitsa zotsatira za Verismith, pulogalamu imene imalemba Verilog yachisawawa koma yovomerezeka, n'kuipereka ku zida za synthesis, kenako n'kufananitsa zotuluka ndi zolowa. Anayesa zida za Yosys, Vivado, XST ndi Quartus, ndipo anapereka malipoti a zolakwika 11 kwa eni zida. Zina zinkangogwetsa chida, zomwe si zoopsa chifukwa aliyense amaona. Zoopsa ndi zija chida chimamaliza ntchito bwinobwino, osadandaula chilichonse, koma netlist ili yolakwika.

Kwa ma compiler a C, zida zosandutsa zolemba za chinenero cha C kukhala pulogalamu yoyenda pa kompyuta, nkhani ndi yomweyo. Pulogalamu ya Csmith, ya ku University of Utah, inali itapeza zolakwika zoposa 325 pofika 2011, kuphatikizapo mu GCC ndi LLVM zimene anthu miyandamiyanda amagwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Ndiye kuti vuto lalikulu ndi zolakwika za mkati mwa chida?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ongoyamba kumene amadabwa. Kawirikawiri chida chimachita ndendende zimene anachipangira, koma zimenezo n'zosemphana ndi zofuna za chitetezo. Chida cha synthesis chinapangidwa kuti chichepetse ma gate ndi kufulumizitsa chip. Chilichonse chooneka ngati chobwereza kapena chosafikirika chimachiona ngati zinyalala.

Chitsanzo choyamba. Injiniya waika ma flip-flop atatu osunga chinthu chimodzi, ndi kagawo kovota kotsatira awiri ogwirizana, kuti kamodzi kakatembenuzidwa ndi cheza zinthu zisasokonekere. Chida chikuona kuti atatuwo amalandira zofanana nthawi zonse, ndiye chikuchotsa awiri pamodzi ndi kovota komwe. Mayeso onse a ntchito adzadutsa, chifukwa pa tsiku labwino kamodzi kamachita zomwe atatu amachita. Pofuna kupewa izi pamaikidwa malangizo oletsa kuchotsa, monga syn_preserve mu Synplify kapena DONT_TOUCH mu Vivado, kenako munthu amatsegula netlist n'kuwerenga ngati atatuwo alipodi. Kungolemba langizo si umboni. Langizo lolembedwa molakwika chida chimatha kungolidumpha.

Chachiwiri ndi state machine, gawo limene limayenda sitepe ndi sitepe motsatira dongosolo. Tinene kuti ili ndi masitepe 5. Polemba, injiniya wawonjezera mzere wa when others wonena kuti zikafika pa sitepe ina iliyonse yosadziwika, makina abwerere pamalo otetezeka. Chida chasankha kusunga masitepewo mwa njira ya one-hot, flip-flop imodzi pa sitepe iliyonse. Ma flip-flop 5 angakhale m'maonekedwe 32, ndipo ovomerezeka ndi 5 okha, otsala 27 ndi osavomerezeka. Popeza mwa masamu palibe njira yofikira pa 27 amenewo, chida chimachotsa mzere wobwezera uja. Flip-flop imodzi ikadzatembenuka chifukwa cha cheza kapena phokoso la magetsi, makina angakakamire pamenepo mpaka wina awayambitsenso. Zida zili ndi njira ya safe encoding yothetsera izi, koma muyenera kuiyatsa nokha ndi kuiyesa: mu simulation ya netlist, kakamizani ma flip-flop kukhala pa maonekedwe osavomerezeka, muone ngati akubwerera komanso pakudutsa ma clock angati (clock ndi siginolo yogunda mobwerezabwereza imene imayendetsa ma flip-flop).

Chachitatu ndi kusamvana kwa simulator ndi synthesis. Mukaiwala siginolo imodzi mu sensitivity list (mndandanda wa masiginolo amene gawo la VHDL limayang'anira), simulator imatsatira zimene mwalemba pomwe synthesis imachita ngati munailemba, ndiye zimene munayesa ndi zimene mwamanga ndi zinthu ziwiri. Mukalemba if popanda else pa gawo lopanda clock, chida chimaika latch (kagawo kosunga 0 kapena 1 popanda clock) imene simunaifune. Mtengo woyambira (0 kapena 1) umene mwapatsa siginolo poilengeza simulator imaulemekeza nthawi zonse, koma si FPGA iliyonse imene imatero ikayaka. N'chifukwa chake mapulojekiti a nyukiliya amakhala ndi malamulo a kalembedwe okhwima: clock imodzi ngati n'kotheka, reset yoonekera pa flip-flop iliyonse, popanda latch, ndipo chenjezo lililonse limene chida chatulutsa liwerengedwe ndi kulembedwa chifukwa chimene lasiyidwira. Machenjezo amatha kufika mazanamazana, ndipo lofunika limabisala pakati pa opanda pake.

Ndi malamulo ati amene amanena za zida zimenezi?

Kumayiko otsatira IEC, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya zamagetsi, IEC 61226 imagawa ntchito za chitetezo m'magulu A, B ndi C, ndipo kuzimitsa riyakita kuli m'gulu A. IEC 61513 ikunena za makina onse, pamene IEC 62566, yotuluka mu 2012, ikunena mwachindunji za zipangizo za gulu A zolembedwa mu HDL (zinenero monga VHDL ndi Verilog), kuphatikizapo kasankhidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zida. Gawo lake lachiwiri, la magulu B ndi C, linatuluka mu 2020.

Ku United States maziko ndi 10 CFR 50 Appendix B ndi IEEE 7-4.3.2. Muyezo womalizawu umapereka njira ziwiri: kuyesa chidacho mpaka kukhala ndi umboni kuti mbali zake zimene mukudalira zikugwira bwino, kapena kuchigwiritsa ntchito mwa njira yakuti cholakwika chilichonse chidzagwidwe ndi mayeso ena. NRC inatulutsanso malangizo a kaunikidwe ka FPGA mu NUREG/CR-7006 mu 2010, ndipo IAEA, bungwe la padziko lonse la za nyukiliya, inafalitsa lipoti la NP-T-3.17 mu 2016.

Kodi chida chilichonse chimaunikidwa mofanana?

Ayi. Funso lofunsa pa chida chilichonse ndi lakuti: chikalakwitsa, chingachitike n'chiyani, ndipo ndani angaone? IEC 61508, muyezo wa chitetezo cha makina a zamagetsi m'mafakitale osiyanasiyana, uli ndi kagawidwe kothandiza kamene anthu a nyukiliya amabwerekanso. T1 ndi chida chimene zotuluka zake sizifika m'chip, monga cholembera mawu. T2 ndi choyesera: sichingalowetse cholakwika, koma chingalephere kuchiona. T3 ndi chimene zotuluka zake zimakalowa m'chip, monga synthesis ndi place and route.

Samalani ndi timapulogalamu tating'ono timene gulu limadzilembera lokha. Kafayilo ka Tcl kapena Python ka mizere 40 kamene kamatenga malire a kutentha ndi kuthamanga kwa madzi pa tebulo n'kuwalowetsa mu VHDL kali m'gulu T3, ngakhale kanalembedwa masana amodzi. Timeneti ndi timene timaiwalika pa mndandanda wa zida.

Bwanji osangotsimikizira chida cha synthesis kamodzi n'kuthana nazo?

Chifukwa eni ake sapereka source code, chidacho n'chachikulu kwambiri, ndipo chimasintha chaka ndi chaka. Makampaniwa amagulitsa kwambiri kwa opanga zipangizo za matelefoni, magalimoto ndi ma data centre. Msika wa nyukiliya ndi waung'ono moti sangasinthe kapangidwe kawo chifukwa cha iwo.

Kutsimikizira chida ndi masamu n'kotheka, ndipo kwachitikapo. CompCert ndi compiler ya C imene ili ndi umboni wolembedwa mu Coq (pulogalamu yotsimikizira maumboni a masamu), ndipo Csmith sinapeze cholakwika m'mbali zake zotsimikiziridwa. Vericert, yotuluka mu 2021, inamangidwa pamwamba pa CompCert kuti izisandutsa C kukhala Verilog. Koma imathera pa Verilog. Kuchoka pamenepo kukafika pa bitstream mumadutsabe m'zida za wopanga chip. Choncho pa ntchito yeniyeni njira yachiwiri ya IEEE 7-4.3.2 ndi imene imatsatidwa: chida sitichikhulupirira, timayesa zimene chatulutsa ulendo uliwonse.

Maganizo amenewa si atsopano. Pa makina otetezera a Sizewell B ku England, imene inayamba kupanga magetsi mu 1995, akatswiri anatenga zimene zinali mu PROM (chip chosungira pulogalamu) n'kuzifananitsa ndi source code kuti aone ngati compiler inasintha kanthu.

Kodi kufananitsa zolowa m'chida ndi zotuluka (equivalence checking) kumayenda bwanji?

Chida chofananitsira, monga Formality ya Synopsys, Conformal ya Cadence kapena OneSpin imene tsopano ili pansi pa Siemens, chimalandira VHDL kumbali ina ndi netlist kumbali inayo. Choyamba chimalumikiza malo ofanana: zolowa, zotuluka ndi ma flip-flop. Kenako pa malo aliwonse chimatsimikizira ndi masamu kuti ma gate odyetsa malowo amapereka yankho limodzi mbali zonse ziwiri, pa zolowa zilizonse zotheka. Apa ndi pamene chimaposera simulation. Gawo la zolowa 64 lili ndi maonekedwe 2 kuchulukitsa yokha maulendo 64, ndipo palibe simulation imene ingawamalize.

Kufananitsa kumachitika kawiri: VHDL ndi netlist ya synthesis, kenako netlist imeneyo ndi ya pambuyo pa place and route. Powerenga lipoti musangoyang'ana mawu akuti zadutsa. Onani malo amene sanapeze anzawo, ndipo alionse afotokozedwe. Onani malo amene chida chinagonja chisanamalize, zimene zimachitika kwambiri pa zochulukitsira zikuluzikulu. Malo otere sanadutse, ngakhale sanalephere. Onaninso ma black box, magawo monga memory ndi PLL (gawo lopanga clock) amene chida chinawalumpha, chifukwa amenewo akufunika mayeso awoawo.

Synthesis ikasuntha ma flip-flop pofuna liwiro, zomwe amati retiming, kapena ikasintha kasungidwe ka masitepe, kulumikiza malo kumavuta. Mapulojekiti ambiri amangozimitsa zimenezi. Makina otetezera sathamangira liwiro, ndiye palibe chimene mwataya. Chenjezo lina: zida zina za synthesis zimalemba fayilo youza chofananitsira zimene zasintha. Fayiloyo ikungoyenera kukhala cholozera chimene chofananitsira chichitsimikizire pachokha. Ikalandiridwa ngati choonadi, ndiye kuti woimbidwa mlandu wadzilembera yekha chigamulo.

Dziwaninso kuti kufananitsa wamba sikugwira kuchotsedwa kwa ma flip-flop awiri mwa atatu aja kapena kwa njira yobwezera zija tafotokoza pa funso lachisanu, popeza pa ntchito ya masiku onse mbali ziwirizo n'zofananadi.

Nanga choyesera chimene, amachiyesa ndani?

Pali zinthu ziwiri. Choyamba, chopanga ndi choyesa zisachokere pa muzu umodzi. Ngati zonse zimagwiritsa ntchito gawo limodzi lowerengera VHDL, zingamve mzere molakwika mofanana n'kugwirizana pa bodza. Kusiyana kwa mayina a makampani si umboni wokwanira, chifukwa ena amagula gawo lowerengeralo kwa wogulitsa mmodzi. Funsani.

Chachiwiri, lowetsani zolakwika mwadala. Tengani netlist yabwino, sinthani AND imodzi ikhale OR, tembenuzani reset, sinthanitsani mawaya awiri, sinthani mtengo woyambira wa flip-flop imodzi, cholakwika chimodzi pa kope lililonse. Choyesera chiyenera kukana makope onse. Limodzi likadutsa, mwina chida chili ndi vuto, koma nthawi zambiri ndi mmene mwachikonzera: gawo lina munalisiya ngati black box osadziwa. Njira yomweyi imayeseranso testbench, zolemba zimene zimapereka zolowa ndi kuona zotuluka mu simulation. Coverage ya 100 peresenti imangonena kuti mzere uliwonse unayendapo, sinena kuti alipo amene ankayang'ana zotuluka.

Kodi bitstream yeniyeniyo ingatsimikiziridwe?

Apa ndi pamene unyolo uli wofooka. Kalembedwe ka bitstream ndi chinsinsi cha wopanga chip, ndipo zida zofananitsira zimathera pa netlist ya place and route. Mpata wotsalawu umatsekedwa ndi mayeso a pa chip chenicheni: zolowa zomwe zija zinagwiritsidwa ntchito mu simulation zimaperekedwa pa mapini, ndipo zotuluka zimafananitsidwa clock ndi clock. Kuti izi zitheke, gawo lililonse liyenera kukhala laling'ono ndi losavuta kuliona kuchokera kunja. N'chifukwa chake okonza makina otetezera amakonda kupatsa khadi lililonse ntchito imodzi m'malo mounjika zonse pa chip chimodzi chachikulu.

Mukamaliza kulowetsa bitstream, yerekezani zimene zili m'chip ndi fayilo yovomerezeka, ndipo checksum yake (nambala yowerengedwa kuchokera mu fayilo yonse) ilembedwe m'mabuku a khadilo. Njirayi ikungotsimikiza kuti fayilo yalowa yonse, osati kuti fayiloyo ndi yolondola. Mtundu wa chip nawonso uli ndi mbali yake. FPGA ya SRAM imawerenga bitstream kuchokera kunja nthawi iliyonse ikayaka ndipo cheza chingasinthe malumikizidwe ake, choncho imafuna kudziyesa kosalekeza. Ya flash imasunga malumikizidwe magetsi akazima, ndipo ya antifuse imalembedwa kamodzi basi.

Chida choyeza nthawi chikati zonse zili bwino, tingakhulupirire?

Chimayankha funso limene mwachifunsa lokha. Njira iliyonse imene simunaipatse malire sichiiyeza, ndipo imene mwailemba kuti ndi false path chimaidumpha osafunsa. Choncho fayilo ya malire a nthawi iunikidwe ngati mmene VHDL imaunikidwira, ndipo lipoti la njira zopanda malire likhale lopanda kanthu. Yezani pa kutentha ndi mphamvu ya magetsi ya mbali zonse ziwiri: chip chotentha pa magetsi otsika chimachedwa, chozizira pa magetsi okwera chimafulumira n'kuyambitsa vuto la hold, pamene siginolo yasintha msanga flip-flop isanamalize kuigwira.

Siginolo yochokera kunja kapena ku clock ina ingapeze flip-flop ili pakati posintha n'kuisiya ikuzengereza pakati pa 0 ndi 1. Simulation wamba siionetsa zimenezi, kufananitsanso ayi. Mankhwala ake odziwika ndi ma flip-flop awiri otsatizana pa siginolo iliyonse yotere, oikidwa moyandikana pa chip.

Wogulitsa watipatsa satifiketi ya TÜV, bungwe loyesa zipangizo la ku Germany. Kodi sikukwana?

Imathandiza koma siikwana. Werengani kuti ikunena za version iti, ya ma chip ati, ndi pa muyezo uti. Zambiri zimakhala za IEC 61508 kapena ISO 26262 ya magalimoto, osati IEC 62566. Imabweranso ndi buku la malamulo a kagwiritsidwe ntchito, ndipo mukayatsa chinthu chimene bukulo likuletsa, satifiketiyo siikukhudzaninso. Mawu akuti chidachi chagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri nawonso amalemera pokhapokha ngati akunena za version yomweyo, komanso ngati pali njira yodziwika imene ogwiritsa ntchito amaperekera malipoti a zolakwika. Mndandanda wa zolakwika zodziwika umene wogulitsa amatulutsa uwerengedwe wonse, chilichonse chiyankhidwe ngati chikukhudza pulojekiti yanu kapena ayi.

Kodi kugwiritsa ntchito zida ziwiri zosiyana kumathetsa vuto la matchanelo olephera limodzi?

Kumalichepetsa. Makina a ALS amaika magawo awiri ochita ntchito imodzi m'chip chimodzi, opangidwa ndi malangizo osiyana a synthesis, ndipo amayerekezedwa nthawi zonse. Makina a HIPS, amene NRC inavomereza mu 2017 ndipo ndi maziko a chitetezo cha riyakita ya NuScale, amalola ma FPGA a mitundu yosiyana m'magawo osiyana, kutanthauzanso zida zosiyana. Chimene njirazi sizingathetse ndi cholakwika cha m'zofunika zoyambirira. Ngati chikalata chinalemba malire olakwika, zida zonse ziwiri zidzamanga cholakwikacho mokhulupirika.

Version yatsopano ya chida yatuluka. Tisinthe?

Osasintha pakati pa pulojekiti, pokhapokha ngati yakaleyo ili ndi cholakwika chokukhudzani chimene simungachizembe. Mukasintha, netlist ndi yatsopano, ndipo kufananitsa, kuyeza nthawi ndi mayeso a pa chip zonse zibwerezedwe.

Riyakita imagwira ntchito zaka 40, zina 60 kapena kuposerapo, pamene chida chimasiya kuthandizidwa patangopita zaka zochepa. Choncho sungani zonse pamodzi: version ndi ma patch ake, operating system, ma library a chip, mafayilo a malire, timapulogalamu toyendetsera ntchito, ndi nambala ya seed imene place and route imayambira posankha malo, chifukwa seed ikasintha kakhalidwe ka magawo pa chip kamasinthanso. Ambiri amasunga zonsezi mu virtual machine. Musaiwale laisensi. Ngati imatha chaka ndi chaka kapena inamangiriridwa ku kompyuta imodzi, zosungidwazo sizidzatseguka tsiku limene zidzafunike. Nkhokweyo iyesedwe nthawi ndi nthawi: munthu amene sanali nawo pa ntchito yoyamba aitsegule pa kompyuta ina, amange bitstream kuchokera ku VHDL potsatira zolembedwa zokha, ndipo ayerekeze ndi yovomerezeka. Zida zina zimalemba tsiku ndi nthawi kumutu kwa fayilo, ndiye yerekezani gawo la malumikizidwe lokha, osati fayilo yonse.